Ma taco a ku Mexico akamathyoka m'manja: zoyambitsa vutoli ndi mmene mungalithetsere kunyumba

Munthu akaima pa malo ogulitsira ma taco m'mbali mwa msewu ku Mexico City, ku Puebla kapena ku Guadalajara, chimene amalandira m'mbale chimaoneka chosavuta kupanga: tortilla yaing'ono yofewa, imene ili ngati kachapati kopyapyala ka chimanga, nyama yodulidwa tizidutswa, anyezi wamuwisi, masamba onunkhira a cilantro (coriander kapena dhania), msuzi wa tsabola wotchedwa salsa ndi kachidutswa ka ndimu. Koma ambiri amene amayesa kupanga chakudyachi kunyumba amakumana ndi vuto lomwelomwelo nthawi ndi nthawi. Tortilla imang'aluka m'mphepete isanafike n'komwe pamoto, kapena imapsa bwinobwino koma n'kuthyoka pakati munthu akangoipinda, nyama yonse n'kukhuthukira m'mbale, wodyayo n'kumatola ndi supuni chinthu chimene chimayenera kudyedwa ndi dzanja limodzi. Ophika ambiri amathamangira kusintha nyama kapena tsabola, chonsecho cholakwika nthawi zambiri chimakhala mu tortilla, ndipo n'chifukwa chake tikhalitsa pamenepo tisanafike pa zoika m'kati.

Ufa umene mwagwiritsa ntchito

Ngati mwakanda ufa woyera kapena mgaiwa ndi madzi, n'kuyesa kuuphwatalala, ndiye kuti vuto lanu layambira pomwepo, ndipo kuwonjezera madzi, mafuta kapena mchere sikungalithetse. Chimanga chilibe ulimbo umene umapezeka mu tirigu, umene umachititsa kuti ufa wa buledi kapena wa chapati uzinyumbuka osaduka. Nsima imagwirana chifukwa ufa wake umapsa m'madzi otentha, pamene tortilla imayenera kugwirana ikadali yaiwisi, ili yopyapyala ngati chikuto cha kope.

Anthu a ku Mexico ndi a ku Guatemala anapeza yankho lake zaka zoposa 3,000 zapitazo. Iwo amaphika njere za chimanga chouma m'madzi osakaniza ndi laimu wodyedwa, amene iwo amamutcha cal, kapena m'madzi a phulusa, kenako amazisiya zitanyikidwa usiku wonse, n'kuzitsukuluza ndi kuzipera zikadali zonyowa. Chimanga chophikidwa chonchi chimatchedwa nixtamal, dzina lochokera ku mawu awiri a chinenero cha Nahuatl, akuti nextli, kutanthauza phulusa, ndi tamalli, kutanthauza ufa wokanda wa chimanga. Laimuyo amasungunula khungu la njere n'kulisandutsa kaulimbo, amapsetsa pang'ono ufa wa m'kati mwa njereyo, ndipo ziwirizi pamodzi ndi zimene zimachititsa kuti chimanga choperacho, chimene chimatchedwa masa, chizigwirana ndi kupindika. Fungo lodziwika la tortilla limachokeranso pomwepo.

Chimanga chinayamba kulimidwa kum'mwera kwa Mexico, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo pamene chinkafika ku Africa ndi ku Ulaya chinabwera chokha, njira yochiphikira ndi laimu itatsala kwawo. Zimenezi zinali ndi zotsatira zoposa kuthyoka kwa tortilla, chifukwa laimu amamasula vitamini wa niacin amene thupi silitha kumutenga bwino m'chimanga chongogaya, ndipo kusowa kwa vitaminiyu kumayambitsa matenda a pellagra, amene mu 1990 anagwira anthu oposa 18,000 pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'Malawi muno n'kumadalira kwambiri chimanga.

Amene amakhala ku Johannesburg, ku Cape Town, ku London kapena ku America angathe kugula ufa wa nixtamal wouma kale, umene pa paketi pake pamalembedwa kuti masa harina. Wodziwika kwambiri ndi wa Maseca, wopangidwa ndi kampani ya Gruma imene inayamba mu 1949 ku Nuevo León, koma ilipo mitundu ina yambiri. Apa mpofunika kuwerenga paketi mosamala, chifukwa pa shelefu yomweyo pamakhalanso ufa wa P.A.N., umene ndi wa chimanga chophika kale koma chopanda laimu, wopangira timikate tochindikala ta ku Venezuela ndi ku Colombia totchedwa arepa. Ufa umenewo ndi wabwino pa ntchito yake, koma supanga tortilla yopyapyala yokhala ndi fungo loyenera. Ufa wa chimanga wamisere wotchedwa polenta komanso ufa wosalala wokhwimitsira msuzi nazonso sizingagwire ntchitoyi. Pa mndandanda wa zimene zili m'paketi payenera kuoneka mawu osonyeza kuti chimangacho chinaphikidwa ndi laimu.

Ngati mukuphika nokha nixtamal

Kwa munthu amene ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, kumene chimanga chili ponseponse koma masa harina ndi wosowa, njira yanzeru ndi kuphika nixtamal yekha, ndipo apa ndi pamene pali zolakwika zambiri zimene zimadzaonekera mawa lake tortilla ikamakana kugwirana.

Muyeso wake ndi wakuti pa kilogalamu imodzi ya chimanga chouma chosakonola pamafunika magalamu 10 a laimu ndi malita pafupifupi 3 a madzi. Chimangacho chikhale chosakonola ndithu, osati mphale, popeza kaulimbo kaja kamachokera ku gaga amene pokonola timamutaya. Chisakhale chachuku, ndipo chimanga cha mbewu chopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira sichidyedwa ngakhale mutachitsuka motani. Laimuyo akhale wogulitsidwa ngati chakudya, osati wopaka nyumba kapena wothira m'munda, chifukwa wa ntchito zimenezo sayeretsedwa kuti alowe m'mimba mwa munthu. Ngakhale laimu wodyedwayo amapsereza khungu ndipo ndi woopsa akalowa m'maso, choncho musamugwire ndi manja onyowa kwa nthawi yaitali.

Poto wake nayenso ndi nkhani. Mapoto ambiri a m'makhitchini athu ndi a aluminiyamu, ndipo laimu amadya chitsulo chimenechi, poto n'kuda, chimanga n'kutenga fungo la chitsulo ndi mtundu wotuwa. Gwiritsani ntchito mphika wadothi, poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, kapena wokutidwa ndi enamelo amene sanasupuke.

Madzi akatentha, chimanga chiziwira pang'onopang'ono, osati mobwadamuka, kwa mphindi 30 mpaka 45. Chimanga cha makolo, chimene njere zake ndi zolimba, chingafune nthawi yofika ola lathunthu, pamene cha haibulidi chofewa chimapsa msanga, ndiye musadalire wotchi yokha. Tengani njere imodzi, iziziritseni, muitikite pakati pa zala: khungu lake liyenera kuterereka n'kuchoka mosavuta. Kenako ilumeni pakati. Kunja kuyenera kukhala kofewa, koma pakatikati pakhale poyera ndi pouma ngati choko. Mukaphula isanafike pamenepa, masa anu adzakhala amchengamchenga ndi oyoyoka, ndipo mukapitiriza kuphika mpaka njere yonse itafewa ngati chingowe, masa adzakhala onanda, omata m'manja ndi papulasitiki, osatheka kuwanyamula. Pa zolakwika ziwirizi, kupsa mopitirira ndi koipa kwambiri, chifukwa chimanga chosapsetsa chimapitiriza kufewa usiku chili m'madzi, pamene chopsereratu sichingabwezedwe.

Mukaphula, vundikirani poto n'kumusiya kwa maola 8 mpaka 12. M'mawa tayani madzi achikasuwo ndi kutsukuluza chimangacho kawiri kapena katatu uku mukutikita pang'ono. Anthu aukhondo amalakwitsa pamenepa, chifukwa amatsuka mpaka njere iliyonse itayera mbee, osadziwa kuti akutaya kaulimbo kamene kamapangitsa tortilla kukhala yofewa. Siyani khungu lina lotererera likhalebe pa njere. Komano ngati tortilla zanu zoyamba zatuluka zachikasu kwambiri, zowawa ngati sopo ndiponso zoyabwa pakhosi, ndiye kuti laimu anachuluka kapena simunatsukuluze mokwanira, ndipo ulendo wotsatira muchepetse laimu m'malo mowonjezera kutsuka.

Amene sanapeze laimu wodyedwa angagwiritse ntchito phulusa, monga momwe dzina la nixtamal likunenera, ndipo kwa ife amene timadziwa kucheza chidulo cha thelere zimenezi si zachilendo. Phulusalo likhale la nkhuni zoyera, zopanda penti, mankhwala kapena zinyalala za pulasitiki, ndipo lisefedwe bwino. Vuto lake n'lakuti mphamvu ya phulusa imasiyana malinga ndi mtengo, kotero kuti palibe muyeso umodzi wodalirika. Chizindikiro chakuti madziwo ali ndi mphamvu yokwanira n'chakuti njere zimasanduka zachikasu patangopita mphindi zochepa, ndipo khungu limaterereka pa nthawi yomwe tatchula ija. Kwa ine, tortilla ya phulusa imatuluka yoderapo ndiponso yosachedwa kuuma poyerekeza ndi ya laimu, koma imaposa kutalitali ya ufa wosaphika.

Chotsala ndi kupera, ndipo apa m'pamene pamafunika thukuta. Ku Mexico anthu amatenga nixtamal wawo m'ndowa kupita naye ku molino, chigayo cha miyala chimene chimapera chimanga chonyowa, ndipo kale amayi ankapera pa metate, mwala wofanana ndi mphero yathu. Chigayo chathu cha nyundo ndi sefa chinapangidwira chimanga chouma, ndipo chonyowa chimatseka sefayo. Mphero ndiyo imatulutsa masa osalala kwambiri. Kachigayo kopukusa ndi dzanja kamagwiranso ntchito ngati mubwereza kupera kawiri kapena katatu mutamangitsa mbale zake, uku mukudontheza madzi pang'ono. Kusinja mu mtondo kokha kumasiya misere, ndipo misere imeneyo ndi imene imayambitsa ming'alu. Njira ina ndi kuyanika nixtamal pamphasa padzuwa lamphamvu mpaka ataumiratu, kupita naye kuchigayo, n'kusefa ufawo ndi sefa yosalala, koma muchite zimenezi m'nyengo yadzuwa yokha, chifukwa chimanga chonyowa chikachedwa kuuma chimachita chuku.

M'mphepete mukung'aluka ngakhale ufa ndi woyenera

Ngati ufa ndi wa nixtamal koma tortilla ikutuluka ndi m'mphepete mwa manomano, ndiye kuti masa ali ndi ludzu. Pa makapu awiri a masa harina, yambani ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi ofunda ndi kamchere pang'ono, kandani kwa mphindi zitatu kapena zinayi, muvundikire ndi nsalu yonyowa, n'kudikira mphindi 20 mpaka 30. Kudikiraku anthu ambiri amakudumpha, koma ufa wouma umamwa madzi pang'onopang'ono, moti masa amene amaoneka abwino pongomaliza kukanda amakhala atauma pofika nthawi yophika. Muyeso wa pa paketi ndi poyambira chabe, popeza m'mwezi wa Okutobala, mpweya ukakhala wouma, ufa womwewo umafuna madzi ambiri kuposa m'nyengo ya dzinja.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Umbani kampira kofanana ndi mbamu ya nsima, mukafinye pakati pa zikhato. Kakang'aluka m'mbali, thirani madzi supuni imodzi, mukande, muyesenso, ndipo mubwereze mpaka m'mbalimo mutasalala. Kakamata m'manja n'kusiya zotsalira pazala, wazani ufa pang'ono. Masa sali ngati ufa wa tirigu umene umalimba ukakandidwa kwambiri, choncho musaope kukanda mobwerezabwereza. Nthawi yonse imene mukuphika, masa otsala akhale ovundikira, ndipo manja anu akhale onyowa pang'ono.

Tortilla ya taco ya mumsewu ndi yaing'ono, ya masentimita 10 mpaka 12 m'mimba mwake, ndipo kampira ka magalamu 25 mpaka 30 ndi kokwanira. Amene alibe chipangizo chophwatalalira angadule jumbo yoyera yolimbirapo kukhala mapepala awiri, n'kuika kampirako pakati, n'kukanikiza ndi pansi pa poto wafulati kapena ndi thabwa losalala. Kanikizani kamodzi, tembenuzani pulasitikiyo kuti mbali yakutali ibwere kufupi, mukanikizenso, chifukwa mbali imodzi imakonda kutsala yochindikala. Kuchindikala koyenera ndi pafupifupi mamilimita awiri. Pochotsa, matulani pulasitiki yapamwamba, tembenuzirani tortilla pachikhato, kenako musende pulasitiki yachiwiri pang'onopang'ono. Lamulo lake n'lakuti mumachotsa pulasitiki pa tortilla, osati kukoka tortilla kuichotsa papulasitiki, ndipo ambiri amene amadandaula kuti zikungong'ambika amakhala akuchita mosemphanitsa.

Sikufufuma, ikuuma ngati bisiketi kapena ikukakamira pachiwaya

Ku Mexico tortilla amaiphika pa comal, chiwaya chafulati chadothi kapena chachitsulo, popanda mafuta. Kunyumba felempani yochindikala yachitsulo kapena chiwaya chafulati chimakwanira, bola chitenthe mokwanira, kutanthauza madigiri a Celsius opitirira 230. Popanda choyezera, donthezani madzi pang'ono: akamavina n'kuuma m'kanthawi kochepa ndiye kuti chatentha, koma akangokhala phee n'kumawira pang'onopang'ono, dikirani. Moto wochepa ndi umene umachititsa kuti tortilla ikakamire ndiponso iume, chifukwa imakhalitsa pachiwaya madzi ake n'kutheratu isanapse. Pa mbaula, dikirani makala ayake onse n'kuyamba kuchita phulusa loyera pamwamba, ndipo muwayale mofanana kuti pakati pasatenthe kuposa m'mbali.

Tortilla imatembenuzidwa kawiri. Mbali yoyamba imakhala masekondi 20 mpaka 30 okha, kungoti m'mphepete musinthe mtundu ndipo ithe kutsetsereka. Mbali yachiwiri imakhala pafupifupi mphindi imodzi, mpaka ioneke timadontho tofiirira. Mukaibwezera ku mbali yoyamba ija, nthunzi ya m'kati imasowa potulukira n'kuitukumula ngati chibaluni, ndipo mungaithandize poikanikiza pang'ono pakati ndi nsalu yopinda. Kufufumaku si kokongoletsa chabe, chifukwa nthunziyo ndi imene imapsetsa m'kati ndi kuchititsa kuti tortilla ikhale yopepuka. Anthu a ku Mexico amakonda kuseka kuti munthu amene tortilla yake yafufuma wafika pokwatira kapena kukwatiwa, zomwe zikusonyeza kuti ngakhale kwawoko si luso lobadwa nalo. Ikakana kufufuma, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi: mbali yoyamba inakhalitsa mpaka kuuma, masa anali ndi madzi ochepa, panali kabowo kapena kamng'alu kotulutsa nthunzi, kapena mbali ina inali yochindikala. Tortilla yosafufuma imadyeka ndithu, ndipo si yoyenera kuitaya.

Pali chinthu chinanso chimene chimasokoneza oyamba kumene. Tortilla yongochoka pamoto imakhala youmirira, ndipo mukaipinda nthawi yomweyo ikhoza kuthyoka ngakhale zonse zinayenda bwino. Imamaliza kufewa ikasanjikizidwa pamodzi ndi zinzake m'nsalu yoyera, m'kadengu kapena m'mbale yovundikira, kwa mphindi pafupifupi 10, pamene nthunzi ya iliyonse imafewetsa inzake. Kuziyala pambale poyera kuti zizizire, monga timachitira ndi zitumbuwa, ndi njira yachangu yowonongera ntchito yonse.

Ngati ma tortilla ndi ogula kapena ophika dzulo, musawagwiritse ntchito ozizira. Ogulitsa ma taco amawagunditsa pang'ono m'mafuta a nyama imene ikuphikidwa n'kuwatenthetsa pachiwaya mbali zonse, ndipo mafuta ochepawo amatchinga msuzi kuti usalowe msanga. Ambiri amaikanso ma tortilla awiri pa taco imodzi, yachiwiriyo n'kumaitcha copia, kuti yoyamba ikanyowa n'kubooka inzakeyo igwire, kapena kuti wodyayo atolere nayo nyama yogwa. Amene mwakhala mukuchita manyazi kusanjikiza ma tortilla awiri dziwani kuti eni chakudyachi amatero tsiku lililonse.

Pomaliza pa nkhani ya tortilla, ngati nixtamal wakukanikani kotheratu, kupanga ya tirigu si chinyengo. Kumpoto kwa Mexico, makamaka ku Sonora, nyama yowotcha ya carne asada imadyedwa ndi tortilla ya ufa wa tirigu, mafuta, mchere ndi madzi ofunda, imene imafuna kupuma mphindi 30 isanaphwatalalidwe kuti isamabwerere m'mbuyo. Ndi bwino kudya tortilla yabwino ya tirigu kusiyana ndi kulimbana ndi mgaiwa umene sungagwirane. Zigoba zolimba zopindika kale zimene zimagulitsidwa m'mabokosi ndi za kadyedwe ka ku United States, ndipo si zimene zimatchedwa taco ya mumsewu ku Mexico.

Nyama ikutuluka madzi, ikulimba kapena ikuphwanyika

Nyama yotuwa yosambira m'madzi ake imabwera chifukwa chodzaza chiwaya. Aliyense amene anaonapo wogulitsa kanyenya amadziwa kuti nyama imapsa bwino ikakhala ndi malo, pamoto waukali. Ipukuteni iume, iikeni pang'onopang'ono m'magawo, ndipo musaitakase mpaka mbali yapansi itachita bulauni. Ya ng'ombe iwotcheni ili m'zidutswa zazikulu zopyapyala, muisiye ipume mphindi zisanu, kenako muidule mopingasa mitsempha yake kukhala tizidutswa tating'ono. Mukaidula musanawotche imataya madzi onse, ndipo mukaidula motsatira mitsempha, wodyayo amakoka nyama yonse ndi mano pa kuluma koyamba, tortilla n'kutsala yopanda kanthu.

Ma taco a al pastor ali ndi vuto lawolawo. Kaphikidwe kake kanachokera kwa anthu a ku Lebanon amene anasamukira ku Mexico, makamaka ku Puebla, n'kubweretsa njira yowotchera nyama yosanjikiza pa chitsulo choimirira chozungulira, chimene ku Mexico amachitcha trompo. Eni dziko anasintha nyamayo kukhala ya nkhumba, n'kuinyika mu tsabola wa guajillo, achiote (njere zofiira zokometsera chakudya), viniga ndi adyo, pamwamba n'kuikapo chinanazi. Kunyumba kulibe trompo, koma mungayandikire kukoma kwake mwa kudula nyama ya paphewa la nkhumba mopyapyala, kuinyika usiku wonse m'firiji, kuiwotcha m'magawo pamoto waukali, kuidula tizidutswa n'kuibwezeranso pachiwaya kuti m'mphepete mupserere pang'ono. Cholakwika chofala n'kuthira madzi a chinanazi chachiwisi m'zonyikiramo. Chinanazi chachiwisi chili ndi bromelain, chinthu chimene chimasungunula nyama, ndipo pofika m'mawa nyamayo imakhala itasanduka phala. Chinanazi chiwotchedwe pachokha n'kuikidwa pamwamba pa taco pomaliza.

Carnitas, nyama ya nkhumba yotchuka ku Michoacán, kumene amaiphika m'miphika ikuluikulu yamkuwa, imauma kunyumba chifukwa anthu amasankha mnofu wopanda mafuta ndi kuukazinga mofulumira. Imafuna nyama ya paphewa kapena ya pamimba, yomira m'mafuta a nkhumba, pamoto wochepa kwa maola awiri kapena atatu, ndipo moto umakwezedwa kumapeto kokha kuti kunja kukhale kokhumata. Nyama ya mbuzi, imene ku Jalisco amapangira ndiwo yamsuzi yotchedwa birria, imafuna kuleza mtima kofananako: ikalimba pambuyo pa maola awiri sikuti yapsa mopitirira, koma kuti sinafike, ndipo iyenera kupitiriza kuwira pang'onopang'ono mpaka izichoka yokha pafupa. Poika nyama yotere pa tortilla, ikhetseni msuzi kaye, ndipo msuziwo uperekedwe m'kapu pambali monga amachitira eni ake.

Salsa yowawa ngati ndulu, ndi anyezi wobaya m'mphuno

Salsa ya tsabola wouma ikamawawa ngati ndulu, pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake ndi tsabola wopserera. Guajillo, ancho ndi chile de árbol amangofuna masekondi 10 mpaka 20 mbali iliyonse pachiwaya chotentha pang'ono, kungoti fungo lituluke, ndipo akada palibe chimene chingachotse kuwawako, kaya shuga kapena tomato. Ndi bwino kumutaya n'kuyambiranso. Mukamunyika m'madzi otentha kwa mphindi 15 mpaka 20, lawani madziwo musanawathire m'salsa, popeza nthawi zina nawonso amawawa. Salsa yamadzimadzi imene imanyowetsa tortilla imakonzeka mwa kuwotcha tomato, anyezi ndi adyo pachiwaya mpaka khungu litachita mawanga akuda musanasinje, kapena mwa kuiwiritsa mphindi zingapo m'mafuta ochepa. Kusinja mu kamtondo kumafanana kwambiri ndi zimene amachita ndi molcajete, mtondo wawo wamwala, ndipo kumapereka salsa yokhathamira kuposa makina amagetsi.

Tsabola wa kambuzi ndi wa mtundu umodzi ndi habanero wa ku Yucatán, ndipo amalowa bwino m'malo mwake, makamaka akasakanizidwa ndi anyezi wofiira ndi madzi a mandimu. Ukali wake wambiri uli mu timinofu toyera ta m'kati timene timagwira njere, choncho amene akufuna fungo lake popanda kulira achotse timeneto. Salsa yobiriwira yeniyeni imapangidwa ndi tomatillo, chipatso cha m'kachikwama chimene ndi m'bale wa jamu, ndipo imawawa tomatilloyo akawiritsidwa mpaka kuphulika; aphulidwe akangosintha mtundu. Kumene tomatillo kulibe, salsa ya peyala, tsabola wobiriwira, cilantro ndi mandimu imagwira ntchito bwino kuposa kuyesa kumutsanzira ndi zipatso zosapsa.

Anyezi wamuwisi akamabaya m'mphuno n'kuphimba kukoma kwa nyama, muduleni tizidutswa tating'ono kwambiri n'kumutsukuluza m'madzi ozizira, kenako mumukhetse bwino. Cilantro, amene m'masitolo ambiri amalembedwa kuti coriander kapena dhania, adulidwe ndi mpeni wakuthwa chakudya chitatsala pang'ono kuperekedwa, chifukwa akadulidwa msanga amada ndi kulefuka. Madzi a ndimu amafinyidwa ndi wodyayo, pa taco imene ili kale m'dzanja.

Zonse zili bwino koma zikufika patebulo zitazizira

Wogulitsa ma taco sakonza mbale ya anthu asanu ndi mmodzi n'kuitana kuti abwere. Amafunsa kuti con todo, kutanthauza ngati mukufuna anyezi ndi cilantro zonse, amasonkhanitsa taco m'masekondi ochepa, ndipo wogulayo amaidya ataimirira pomwepo, m'kuluma kuwiri kapena kutatu. Taco yokonzeka ikangokhala mphindi zisanu, msuzi umalowa mu tortilla, mafuta amayamba kugwirana, ndipo imathyoka ngakhale inapangidwa mwaluso. Choncho salsa ikonzedwe choyamba, ngakhale dzulo lake, anyezi ndi mandimu zidulidwe chiwaya chisanatenthe, ma tortilla aphikidwe n'kukulungidwa m'nsalu, ndipo nyama ikhale yomaliza kuchoka pamoto. Musadzaze: supuni ziwiri zazikulu za nyama zimakwana pa tortilla imodzi, ndipo zikapitirira pamenepo ngakhale copia singathandize. Anthu abwere ndi mbale zawo pafupi ndi mbaula, aliyense alandire ma taco awiri, akamaliza abwerenso, ndipo wophikayo adzidyera ake pakati pa ntchitoyo.

Ma tortilla otsala asungidwe m'firiji atakulungidwa m'nsalu ndi kuikidwa m'jumbo, ndipo powatenthetsa mawa lake muwawaze timadzi pang'ono musanawaike pachiwaya. Amene aumiratu kapena anathyoka aduleni timagawo ta makona atatu, muwakazinge m'mafuta mpaka akhumate, muwathire salsa yotsala ija yotentha, n'kuikapo dzira lokazinga pamwamba, ndipo mwapanga chilaquiles, chakudya cham'mawa chimene mabanja a ku Mexico amaphika ndi ma tortilla adzulo.